Tebo ya Lole, Sefuliya ya Apongozi

Mpaka lero kukhitchini kwathu kuli chivundikiro chopanda sefuliya yake. Chinapindika mbali imodzi, chili ndi mwaye umene sopo ndi mchenga zinaulephera, ndipo mkazi wanga Esinati anachikoleka pamsomali dala, pamalo poti ndizichiona ndikamatunga madzi akumwa. Alendo akafunsa amangoti, "Afunseni eni akewo." Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, ndiye lero ndingoulula kamodzi n'kamodzi.

Zinachitika zaka za m'ma 80, masiku amene ngakhale kukagula tomato kumsika kunkafuna khadi la chipani m'thumba. Ine ndinali kalaliki wotayipa makalata pa boma la Machinga (akuluakulu ankapatchulabe kuti pa Kasupe), koma ndinakwatira kumudzi wina kufupi ndi Phalula. Pakati pa sabata ndinali bwana wovala tayi, Loweruka ndinali mkamwini wovala khasu paphewa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyenda ulendo umenewo. Atandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri pa boma, ndinapempha chitengwa, kuti Esinati ndi mwana wathu Gilesi adzakhale nane. Ndinali nditatopa kudya mbatata yootcha ndekhandekha ngati mbeta yaimuna. Amalume ake a Esinati anavomera, koma aliyense ankadziwa kuti mawu omaliza ali ndi apongozi aakazi.

Tsono apongozi angawo anali a Chilomwe cha kale, ndipo mwambo wopewana ndi mkamwini ankausunga ngati lamulo la m'buku. Zaka zonsezo nkhope yawo ndinali ndisanaione bwinobwino. Ndinkawadziwira zidendene ndi katsokomoledwe. Tikakumana panjira, iwo ankalowera patchire la kumanzere, ine la kumanja, n'kumapatsana moni titafulatirana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ngakhale ine ndili pompo kuseri kwa nkhokwe. Esinati akachokapo ankauza nkhuku. "Iwe nkhuku, denga la khitchini likudontha." Ine ndimve, mawa lake ndikamwete udzu.

Ndinali ndi galimoto, musandione chonchi. Inali ya bokosi kumbuyo, yokalamba, ndinaigula kwa mlimi wina wa thonje ku Balaka amene anandigwira chanza kawiri pondipatsa makiyi (pamenepo ndikanadziwa). Pamtunda wosalala inkayenda bwino ndithu. Kuchokera ku Phalula, kudzera ku Balaka mpaka kuwoloka Shire pa Liwonde, palibe amene akanainyoza. Vuto linali chikweza chija chochokera ku Liwonde kukwera ku boma. Ikangochiona inkayamba kutsokomola, kenako kubuula, kenako kuima kuti iganize kaye. Handibuleki inalibe, inamwalira isanafike m'manja mwanga. Anthu a kwa Esinati anaipatsa dzina loti Tsikani-Tikankhe.

Tsiku lina ndinanyamula Esinati ndi apongozi kupita kumaliro cha ku Domasi. Apongozi anakhala kumbuyo m'bokosi, poti sakanakhala mpando umodzi ndi mkamwini. Pakati pa chikweza Tsikani-Tikankhe inachita mwambo wake. Ine phazi lili pa buleki, ndinaona pagalasi mayi wachikulire akuyendayenda m'mbali mwa msewu kufunafuna mwala woika kutayala. Miyala yake inali yaing'onoing'ono yokhayokha, ndipo anatsika mtunda ndithu asanapeze wabwino. Atauika, anamangira chitenje m'chiuno n'kuyamba kukankha limodzi ndi mwana wawo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso mpaka tsiku limene ndikufuna kukuuzanili.

Titabwerera kumudzi, ndinamva akuuza Esinati kuseri kwa nyumba: "Muwauze bambo a Gilesi kuti nyumba yawoyo ndikufuna ndikaione ndi maso anga tikakolola. Koma ine mwana wanga sindinamubereke kuti azikakankha chitsulo pa phiri."

Mawu amenewo anandibaya ngati munga wa mlamba. Ndinawerenga masabata otsala kuti tikolole, n'kupita ku Nkaya kwa Che Amidu.

Che Amidu anali mmisiri wa zigayo ndi mapampu a madzi, ndipo galaja yawo inali pansi pa mtengo wa bwemba moyang'anizana ndi njanji. Anali munthu waulemu, wa kofia yoyera imene sinkadetsedwa ngakhale iwo akhale atalowa m'injini mpaka m'chiuno. Chilema chawo chinali chimodzi: chiyambire sanauzepo munthu kuti chinthu sichingatheke. Nditafotokoza vuto langa anamvetsera injini, n'kupukusa mutu.

"Akalaliki, injini iyi siyodwala iyayi. Ili ndi befu basi. Mphepo ikuchepa."

Analowa m'kanyumba kawo n'kutulukamo atanyamula chitsulo chopindika ngati nkhono yaikulu. Anati chimenechi ndi tebo, ndipo anaichotsa pa lole yaikulu imene inagubuduzika kufupi ndi Phalula eni ake n'kuisiya. Anandifotokozera ngati mwana wa sukulu. Utsi wotuluka ku ekizozi umazunguza kafani mbali ino, kafaniko kamazunguza kanzake mbali inayo, kanzakeko n'kumakankhira mphepo m'injini.

"Ngati mvukuto wa wosula makasu," anatero. "Moto womwewo, makala omwewo, koma ukaupemerera umasungunula chitsulo. Walahi, phiri la Kasupe mudzalikwera mukuyang'ana kumbuyo kuti latsala kuti."

"Nanga poti ndi ya lole ya dizilo, pa kagalimoto ka petulo igwira?"

"Mphepo ilibe mtundu, akalaliki."

Munthu wanzeru akanafunsa kaye kwa amakaniko a ku Zomba. Ine ndinkafuna kumva zomwe ndinamvazo, ndiye ndinangogwedeza mutu. Paja amati safunsa anadya phula.

Ntchito inatenga Loweruka atatu. Kwa Esinati ndinkanena kuti kuofesi kwachuluka makalata. Che Amidu anadula mapaipi, anawotcherera, analumikiza kapaipi ka oilo, n'kutenga paipi ya tebo kuiveka pakamwa pa kabuleta, kachipangizo kaja kosakaniza petulo ndi mphepo. Titaiyesa pamsewu wa fumbi m'mbali mwa njanji, galimoto inayamba kuimba mluzu wapansipansi, fwiii, wokoma kwabasi. Ndinamva ngati ndakwezedwa pantchito. Koma ku Nkaya n'kosalala ngati mphasa, ndipo injini sinkavutika n'komwe. Titapeza kachitunda kotulukira m'khwawa lina, ndinaponda mafuta mwamphamvu, mluzu unakwera, galimoto n'kuzima pomwepo zii. Titatsegula boneti, petulo anali atamwazika paliponse.

Che Amidu anakhala pansi n'kuganiza nthawi yaitali, akuseweretsa sipanala.

"Ndaona," anatero. "Kabuleta ili ndi kambale kake ka petulo. Kale mphepo inkadutsa mwaulemu n'kumayamwa petulo m'kambalemo. Tsopano ikubwera ndi ukali, ikumubweza petuloyo, akuthawira kunja. Mankhwala ake n'kutsekera kabuleta yonse m'chinthu chimodzi, kuti mphepo ya mkati ndi ya kunja zikhale mphamvu imodzi. Tipeze chitini cholimba, cha chivundikiro chokhala bwino."

Tinayesa chitini cha mabisiketi, chinachepa. Tinayesa ndowa, inakula. Che Amidu anayeza ndi manja awo m'lifupi ndi msinkhu wake, n'kundiyang'ana.

"Kunyumba kulibe sefuliya ya chonchi?"

Inalipo. Ndipo ndinaidziwa nthawi yomweyo, chifukwa inali imodzi yokha: sefuliya yochindikala imene apongozi anapatsa Esinati pa chinkhoswe chathu. Iwonso anaiphikira zaka zambiri asanaipereke. Kachogwirira ka chivundikiro kanathyoka kalekale, ndipo apongozi anaikapo kamtengo ka mlombwa kamene anakasema okha. Esinati ankaitulutsa pa Khirisimasi ndi pakabwera alendo olemekezeka basi, masiku ena onse inkakhala pansi pa bedi.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Inenso ndinaganiza zomwezo, kwa mphindi ngati ziwiri. Kenako ndinadziuza kuti ndikungobwereka, ndipo kuti sefuliyayo ikagwira ntchito yokweza mwini wake phiri, ndiye kuti yatumikira banja kuposa kuphika mpunga. Lamlungu Esinati ali kutchalitchi (ine ndinali ndi mutu), ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kuibisa pansi pa mpando wa galimoto.

Zoti kubwerekako kukhala ndi mabowo ndinazidziwa Che Amidu atatenga chobowolera. Bowo lalikulu pansi lokhazikira kabuleta, lina m'mbali la paipi ya tebo, ena awiri aang'ono a paipi ya petulo ndi waya wa mafuta. Pamlomo pake anayalapo mphira wa chubu, n'kuvundikira, n'kumanga chivundikirocho ndi malegeni ndi waya. Boneti inakana kutsekeka chifukwa cha kamtengo ka mlombwa kaja, ndiye tinaimanga ndi chingwe cha sisalo, ili yasa pang'ono ngati ikufuna kunena kanthu. Titabwerera pa kachitunda ka m'khwawa, galimoto inakwera ngati mbuzi. Tinakwera katatu. Che Amidu anakweza manja kumwamba, ine ndinatsala pang'ono kuwapsompsona kofia.

Kumudzi Esinati anafunafuna sefuliya yake sabata yathunthu. Anakayikira mlamu wake, anakayikira mayi wina woyandikana naye amene ankakonda kubwereka zinthu osabweza, mpaka anasiya kupatsana moni. Ine ndinathandiza nawo kufunafuna. Ndinasuzumira ngakhale m'nkhokwe, n'kunena kuti anthu masiku ano alibe chisoni.

Tsiku la ulendo linafika, Loweruka lowala bwino la mwezi wa Meyi. Gilesi tinamusiya kwa azakhali ake. Ndinatsuka galimoto, ndinavala tayi, ndinayala mkeka m'bokosi. Apongozi anatulukira atafunda chitenje mpaka kumaso, atasenza dengu lovundikira ndi nsalu. Nditafuna kuwalandira, anauza tayala la kumbuyo kuti dengulo anyamula okha. Ndinaona kuti likulemera, ndipo mumtima ndinasangalala poganiza kuti muli ufa ndi nandolo za kunyumba yatsopano. Esinati anakhala kutsogolo ndi ine. Chitseko cha mbali yake chinkatheka kutsegula ndi kutseka uli panja pokha, ndiye ndinamutsekera ndekha ngati bwana weniweni.

"Bonetiyi bwanji mwaimanga chingwe?" anafunsa.

"Kuti injini izipuma mphepo yabwino."

"Nanga chikuimba mluzuchi n'chiyani?"

"Chitukuko, mayi a Gilesi."

Mpaka ku Liwonde ulendo unali wa mtendere. Anthu oyenda panjinga ankapatuka msanga atamva mluzu. Pa msika wa Liwonde, anyamata ofunsa makadi anaimirira njo poganiza kuti kukubwera wamkulu wina, ndipo atazindikira kuti ndi Tsikani-Tikankhe tinali titadutsa kale. Ndinasuzumira pagalasi. Apongozi anali atakhala mofulatira, dengu lili pamiyendo, osatekeseka.

Kenako chikweza chija chinaonekera. Kutsogolo kwathu kunali basi yodzaza, ikukwawa ndi utsi wakuda. Ndinaika giya yachiwiri, ndinapemphera pang'ono, n'kuponda mafuta mpaka pansi.

Abale anga, zimene zinachitika mphindi imeneyo sindidzaziiwala, ndipo sindinong'oneza nazo bondo. Mluzu unasanduka kulira kwa ndege. Mpando unandikankha kumsana. Galimoto yanga, imene inkapitiriridwa ndi ngolo za ng'ombe, inatulukira kumanja n'kuyamba kuidutsa basi ija windo ndi windo. Anthu a m'basimo anatulutsa mitu. Kondakitala anavula chipewa. Tinadutsa malo aja apongozi anafunapo mwala, ndipo ndinaliza hutala kawiri kuti awaone. Esinati anagwira mkono wanga akukuwa kuti ndichepetse, koma ine ndinamva ngati akundiyamikira. Ndinali wokondwa kuchokera kuphazi mpaka kutsitsi.

Tili pafupi kumaliza chigawo chovuta, injini inatsokomola kamodzi. Inatsokomolanso. Kenako phuu!

Chingwe cha sisalo chinaduka, boneti inayasama n'kubwerera, ndipo pakati pa kuyasamako china chake chonyezimira chinauluka kupitirira denga la galimoto. Ndinamva chikugwera m'bokosi kumbuyo, ngwee, n'kuzungulira, ngwe-ngwe-ngwe, mpaka chinakhazikika. Injini inazima. Basi ija inatidutsa pang'onopang'ono, ndipo kondakitala anavalanso chipewa chake.

Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinapopa buleki kawiri, katatu, n'kuiponda ndi miyendo yonse iwiri. Inagwira, koma osati kwenikweni, tinkatsetserekabe pang'onopang'ono kulunjika kumene msewu ukupindika, ndipo kuseri kwa kupindikako kunali phompho. Kuchotsa phazi sindikanatha. Esinati ankalimbana ndi chitseko chimene ndinamutsekera mwaulemu chija. Thukuta linandilowa m'maso.

Pamenepo pawindo langa panaoneka nkhope ya mayi wachikulire, wa maso akuthwa ndi kachipsera pachibwano. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti ndinu ndani.

"Inu bambo a Gilesi, pondani pomwepo, musasunthe!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi anga anandiyankhula ine mwini, osadzera kwa nkhuku. Anathamangira kumbuyo, ndipo ndinamva galimoto ikugunda kanthu n'kuima nji. Nditatsika, ndinapeza dengu lili pansi lovundukula. Munalibe ufa, munalibe nandolo. Kutayala kunali fuwa lalikulu lakuda ndi mwaye, limodzi mwa mafuwa atatu a kukhitchini kwawo. Anali atalisenza kuchokera ku Phalula, chifukwa ulendo woyamba uja miyala ya pa phiri sinawasangalatse.

Anatsegulira Esinati chitseko, anabwezera chitenje kumaso, n'kukwera m'bokosi kukatola chonyezimira chija. Anachitembenuza uku ndi uku. Anagwira kamtengo ka mlombwa ndi zala ziwiri. Kenako anachipereka kwa mwana wawo. Esinati anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupita yekha kukakweza boneti. Sefuliya inali pamenepo, yakuda bii, mapaipi atatulukira m'nthiti mwake.

"Ndiye munkasuzumira m'nkhokwe muja mukufuna chiyani?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinayankha kuti nkhani yake ndi yaitali, ndipo imakhudza mphepo.

Chodabwitsa n'chakuti nditaliza injini, inalira. Popanda chivundikiro, tebo inkangopemerera dziko la Malawi, kabuleta n'kumapuma mphepo wamba ngati kale. Tsikani-Tikankhe inabwerera mwakale ndendende, kungoti tsopano inkaimba mluzu uku akuikankha. Ndipo anaikankhadi, mayi ndi mwana wake, mpaka pamwamba. Tikayenda pang'ono n'kuima, apongozi ankabwerera kukatenga fuwa lawo n'kuliikanso kutayala. Ine ndili pa chiwongolero ndi tayi yanga, ndinkadziwa kuti chitengwa chathera pamenepa, ndipo mbatata yootcha ndidya mpaka kupuma pantchito.

Titafika kunyumba, apongozi sanalowe n'komwe. Zipinda ziwiri zimene ndinazikolopa katatu, makatani amene ndinabwereka kwa mnzanga, mpopi wa madzi panja, zonsezo sanaziyang'ane. Anakhala pakhonde, chivundikiro chili pamiyendo. Ine ndinakhala pa njerwa kuseri kwa ngodya ya nyumba monga mwa mwambo, ndikudikira chigamulo. Anamwa madzi, anatsokomola katsokomoledwe kaja, n'kuyamba.

"Esinati."

"Mayi."

"Munthuyu wakhala yekha kuno zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, mayi."

"Zikuoneka." Anatembenuza chivundikiro chija pamiyendo. "Ine ndinkati ndikukaniza kuti ungadzavutike. Koma ndaona kuti tikamusiya yekha chaka china, adzabowola ndi mtondo womwe. Munthu wobera mkazi wake sefuliya kuti apongozi ake asakankhe galimoto, mtima ali nawo. Chimene alibe ndi womuletsa. Ukatenge mwana ndi katundu wako, ubwere udzamuyang'anire."

Ndinafuna kuthokoza, koma mwambo sunkalola, ndiye ndinangowomba m'manja kuseri kwa ngodya komweko, misozi ili m'maso. Mwina munthu wina akanakhumudwa kupatsidwa mkazi ngati mmene amaperekera mlonda ku nyumba ya misala. Ine ndinalandira ndi manja awiri.

Esinati anasamukira ku boma mwezi womwewo. Asanasamuke anandiperekeza kwa mayi woyandikana naye uja, ndipo ndinapepesa nditagwada, nkhuku ili m'manja. Tebo tinaichotsa. Che Amidu ataona sefuliya ija anaiyang'anitsitsa, n'kudzimenya pachipumi.

"Pampu ya petulo, akalaliki! Tinaiiwala. Mphepo itachuluka m'sefuliyamo, pampu inalephera kukankhiramo petulo, injini inamva ludzu n'kuyetsemulira m'mbuyo. Nzeru yathu inali yabwinobwino. Mungopeza pampu yamphamvu ndi sefuliya ina, Insha Allah phiri lija titha nalo."

Nditamuuza Esinati, anangotenga msomali ndi hamala n'kukoleka chivundikiro chija pakhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo ziwiya zake zonse zimagona m'kabati ya loko.

Apongozi anakhala zaka zina zambiri, ndipo sanandiyankhulenso mwachindunji ngakhale kamodzi. Koma nkhope yawo ndinali nditaiona, ndipo ndinkaikonda. Tsiku lija pobwerera ku Phalula anakana galimoto, anati akwera basi. Fuwa lija analisiya m'bokosi. Ali pachipata anaima, n'kuuza nkhuku ya oyandikana nawo nyumba kuti mwalawo ndi wa bambo a Gilesi, asamayende opanda.

Fuwalo ndinayenda nalo mpaka galimotoyo inatha. Ndipo kunena zoona, ndikadutsa pa chikweza chija lero m'minibasi, sindikumbuka za kukankha. Ndimakumbuka kondakitala akuvula chipewa, n'kumaganiza kuti Che Amidu za pampu zija ankanena zoona.